Musakane, Koma Musabwere

Chivumbu,
Masvingo.
11 Okutobala, 2025

Okondedwa achimwene a Takawira,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Ulayako sichinakuumitseni mpaka kuiwala kuwerenga zolemba pamanja. Musadabwe kulandira kalata ya papepala ngati tili m'nthawi ya agogo. Foni imene ndimagwiritsa ntchito ndi ya kampani, ndipo pagulu lathu la banja la pafoni paja bambo aang'ono a Jokonia amawerenga chilichonse, ngakhale chimene munthu sunalembe. Ndiye ndapatsira namwino uja wa kwa aneba athu, amene akubwerera kumeneko Lachiwiri. Mumupatse tiyi, koma kalatayi muwerenge atachoka.

Kuno tili bwino. Kutentha ndi kwa Okutobala komwe mukukudziwa, kungoti masiku ano kumabwera ndi fumbi loyera la kumgodi, moti mbuzi zakuda za amayi zonse zamera imvi. Malole onyamula miyala ya lithiyamu akungodutsa tsiku lonse, kupita kukakupangirani mabatire a magalimoto anu amagetsi aja, kuti inu muzipuma mpweya wabwino.

Pepala lanu munanditumizira lija ndinaliwerenga mpaka kumapeto, ndipo ndikuganiza kuti m'banja muno ndine ndekha amene ndinapirira. Ndamva zonse: galimoto yamagetsi yaikulu ngati nyumba izilipira msonkho wokwera, mabasi ndi sitima zichuluke, mabatire akale aziphwanyidwa n'kuchotsamo miyala m'malo mokumba ina. Mwalemba masamba ambirimbiri kuti munene zimene ife timaphunzira m'kombi, minibasi zathu zija, tsiku lililonse, kuti mpando wa anthu atatu umakwana anayi. Komanso zikomo pondichotsa ntchito mwaulemu chonchi. Ine ndinapita kukoleji kuti ndizidya za mgodi, inu munapita kukoleji kuti migodi ichepe. Bambo analipirira tonse awiri, ndiye sindikudziwa kuti anawabera ndani.

Tsopano khalani pansi.

Tikiti ya ndege imene mwalandira, ya pa 23 mwezi uno, sinagulidwe ndi zosonkha za abale monga anakuuzirani bambo aang'ono. Abale athu mukuwadziwa, sangasonkhe ngakhale ya mchere. Yagula ndi kampani. Ndipo amene anakhala pa kompyuta n'kukusankhirani mpando wa pawindo ndi ine mlongo wanu.

Nkhani yake ndi iyi. Kampani ikufuna kutsegula dzenje latsopano kum'mawa kwa phiri la Chivumbu, pamene pagona bambo. Pali manda a mabanja enanso, koma onsewo akuyang'ana ife, chifukwa manda a bambo ndiwo atsopano. Ife tikalola, iwonso alola. Atabwera akampani koyamba ndi mabisiketi awo, azakhali a Marwei anawamvetsera mpaka kumaliza, anadya mabisiketiwo, kenako anati, "Mlongo wanga sitinamuchitire kurova guva. Mzimu wake ukadali kuthengo. Mukamusamutsa lero, tikadzapita kukamuitana tidzakaitana dzenje?"

Popeza mwakhalitsa ndi azungu, ndikukumbutseni za mwambo umenewu: mpaka titaphika mowa, kupita kumanda n'kuitana mzimu wa bambo kuti ubwerere pakhomo, palibe wokhudza mandawo, ndipo amayi sangavule zakuda. Woyenda patsogolo tsiku limenelo, wolandira ndodo ndi dzina la bambo, ndi mwana wamwamuna wamkulu. Ndinuyo, ngakhale m'mutu mwayamba kuyera pakati.

Sabata ziwiri zapitazo abwana anga, a Dhliwayo, anandiitana mu ofesi mwawo.

"Achemwali, tsekani chitseko. Achimwene anu aja amagwira ntchito yanji kwenikweni?"

"Amalemba mapepala amene anthu sawerenga, bwana."

"Eni mgodi uno amawerenga."

Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Linali pepala lanu lomwe lija, dzina lanu lili pamwamba, dzina la bambo athu lili pambali pake.

Anandifotokozera mosabisa. Mtengo wa miyala yathu watsika kale. Aphungu akwanuko akavomereza mu Disembala kuti za m'pepala lanu zikhale lamulo, ndiye mayiko oyandikana nawo n'kutengera, eni mgodi sadzatulutsa ndalama za dzenje latsopano. Koma ngati makina ayamba kukumba chaka chisanathe, ndalamazo zatuluka basi. "Dzenje likayamba silibwerera m'mbuyo," anatero. Ndiye akufuna mwambo uchitike Loweruka pa 25, ndipo Lachiwiri lake anthu ovala zoyera abwere ndi mafosholo kudzafukula manda.

"Ng'ombe ya pamwambo tigula ife, tikiti tigula ife. Mwana abwere adzalire bambo ake. Pali choipa pamenepo?"

"Palibe, bwana."

"Musandiyang'ane ngati ndine mfiti, achemwali. Dzenje lakale latsala pang'ono kutha. Latsopano likapanda kutsegulidwa, ine ndi amene ndidzaime pachipata kuuza anthu kuti abwerere kwawo. Inunso mudzakhala m'gulu lomwelo, ndi digiri yanuyo."

Sananame, achimwene, ndipo n'chimene chikundipweteka. Anyamata amene munkasewera nawo mpira wachikulunga akudyetsa ana awo ndi mgodi umenewu. Ndinatuluka, ndinakhala pa desiki yanga, ndinagula tikiti. Ndinadziuza kuti munthu wakufa samva kugwedezeka kwa lole. Ndinadziuzanso kuti sabata zimene mukhale kuno, kutali ndi aphungu anu pa nthawi imene akufunika kunyengereredwa, zangochitika mwangozi. Kukoleji anatiphunzitsa kudziuza zinthu bwino kwambiri.

Lachitatu lapitali bambo aang'ono anafika pakhomo pa galimoto ya kampani, atanyamula thumba la mawere a mowa. Anavala chisoti cholimba cha kumgodi, chonsecho sagwirako ntchito. Ana awo awiri alonjezedwa malo pa dzenje latsopano, ndiye iwo ayamba kale kuvala m'malo mwawo. Azakhali anali pakhonde ndi amayi.

"Alamu, mawere ndi awa," anatero kwa amayi. "Muviike msanga, masiku atha."

"Mwafika ndi chipewa m'nyumba ya mkulu wanu ngati mwabwera kudzagumula," anatero azakhali. "Vulani, dzuwa silikugwerani pamutu."

Anavula, koma anachikumbatira pamimba. Kenako anati, "Ndinene pano onse akumva. Mnyamata uja akayamba za chizungu zake, akati ntchito yachuluka sabwera, ine ndiima m'malo mwake. Malemuwo ndi mkulu wanga, bere limodzi."

Azakhali anatafuna fodya wawo kaye, mukudziwa mmene amachitira akafuna kuti munthu avutike. Kenako anati, "Akakana ndi pakamwa pake, muime ndinu, Jokonia, palibe angakuletseni. Koma ngati mwana wanena kuti ali m'njira, timudikira. Ngakhale mowa usase, timudikira. Simulanda ndodo ya munthu amene ali pamsewu."

"Ali ndi tikiti, abwera," anatero bambo aang'ono, n'kundiyang'ana ine. "Si choncho, mwana wa kuofesi?"

"Ali ndi tikiti, bambo," ndinayankha. Sindinaname.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo muliwerenge kawiri. Musakane. Mukakana, bambo aang'ono aima, mowa umwedwa, bambo afukulidwa. Pagulu la pafoni paja muzilemba kuti mwasangalala, mufunse nambala ya nsapato za azakhali, mujambule chikwama chanu chili chotsegula pabedi. Koma pa 23 ndegeyo ikusiyeni. Munene kuti sitima inachedwa, ngakhale ndikudziwa kuti zikupwetekani kunamizira sitima. Munene kuti mukwera ya mawa. Mawa lakelo munene kuti yadzaza. Muzikhala muli m'njira mpaka mwezi uno utha.

Ukangolowa Novembala, mwezi wa Mbudzi, mukudziwa kuti palibe wophika mowa wa mizimu, palibe wokhudza manda, ngakhale a Dhliwayo amene sangayerekeze, chifukwa antchito awo omwe angathawe mafosholo. Ukatha umenewo mvula yagwa, anthu ali kumunda, ndipo mwambo umenewu suchitika mpaka Ogasiti. Pofika nthawi imeneyo aphungu anu adzakhala atavota kalekale.

Sindine wopusa. Ndikudziwa kuti lamulo lanu likhoza kugwa, pakuti aphunguwo ndi omwe amakonda magalimoto otalika ngati khola la ng'ombe, munthu mmodzi m'katimo ndi kagalu. Likagwa, makina adzabwerabe chaka chamawa, ndipo ine ndidzakhala nditataya ntchito pachabe, chifukwa a Dhliwayo sadzafunika wolosera kuti adziwe amene anakutsinani khutu. Koma likadutsa, mwina phiri lija lidzatsala ndi mbali imodzi, ndipo bambo adzagona pamene anasankha okha. Ndiye khalani komweko mugwire ntchito imene munapitira. Muwanyengerere anthuwo akwere basi. Ngati n'kofunika muziwanyamula pamsana kukawasiya pa siteji.

Za amayi musadandaule. Miyendo yatupako pang'ono, ndipo akayenda kuchokera kukhitchini kufika pakhonde amaima kaye pakati kuti aone nkhuku, ngakhale nkhuku palibe. Ndinapita nawo kwa dokotala ku Masvingo. Ananena zambiri zokhudza mtima, koma madokotala amalipidwa kuti azinena. Mankhwala akumwa.

Ndinkafuna kuwabisira zonsezi, koma Lachinayi m'mawa ndinawapeza akupeta mawere aja, akuimba nyimbo ija ankaimba mukamabwera kutchuthi kuchokera kusukulu yogonera konko. Chiyambire maliro ndinali ndisanawamve akuimba. Ndinakhala pambali pawo ngati mwana amene waswa mbale.

"Amayi, achimwene akabwera, Lachiwiri lake bambo akufukulidwa."

Sanasiye kupeta. "Ukuyesa ndine mwana? Ng'ombe yonenepa chonchija a Jokonia angaigule ndi chiyani, ndevu?"

"Ndiye mukudziwa?"

"Ndikudziwa kuti ndikufuna kuona mwana wanga. Zinazo ndimati ndiziganiza akabwera."

Ndinawauza za manda atsopano amene kampani yakonza, oyalidwa bwino m'mizere ngati kabichi, m'mphepete mwa msewu wa malole. Anaika lichero pansi.

"Bambo ako aja, odana ndi phokoso aja? Amene ankazimitsa wailesi kuti amve ng'ombe zikubzikula?" Anapukusa mutu. "Malo aja anakandionetsa okha, tikadali ndi mphamvu tonse. Anati, ukadzandiika apa ndizidzaona munda, ndipo iwe udzagona kumanzereku kuti uzidzanditchingira mphepo. Ndinawauza kuti ngakhale kumanda mukufuna ndizikugwirirani ntchito."

Ndinawafotokozera nzeru yangayi, ya ndege yokusiyani. Anamvetsera osandidula, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire changa.

"Akapanda kubwera mwezi uno, mwambo udzakhala liti?"

"Ogasiti, amayi."

"Nanga Khirisimasi?"

"Akabwera Khirisimasi, bambo aang'ono adzanena kuti mwana wafika, tichite mwambo ngakhale mvula ikugwa. Kampani idzapeza mkulu wina wovomereza. Ndi bwino asaonekere kuno mpaka nyengo yake."

Anayang'ana miyendo yawo nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana mawere.

"Ogasiti ndi kutali," anatero.

Ndinatola mawere amene anagwera pansi n'kuwabwezera m'lichero.

Kenako anagwira khoma n'kudzuka. "Tenga ndowa, tiviike mawerewa. A Jokonia akaona kuti sitinaviike adziwa kuti pali nkhani. Ndipo mowawo tiphika wabwino, wa masiku ake onse. Sindikufuna anthu adzanene kuti unasasa chifukwa mkazi wa malemu sadziwa kuphika."

Ndiye mmene ndikulemba pano mawere ali m'madzi, achimwene. Sabata yamawa amayi ayamba kuima pa migolo ndi miyendo yawo ija, kuphikira mowa mlendo amene akudziwa kuti safika. Pa 25 adzavala zakuda zawo zochapa bwino, adzakhala pakhonde pamodzi ndi anthu onse, ndipo galimoto iliyonse ikamveka kumsewu adzadzuka kuyang'ana, kuti bambo aang'ono aone. Ndawauza kuti asadzadzuke kawirikawiri. Akuti ndisawaphunzitse kudikira, anayamba ine ndisanabadwe.

Mukafuna kundiyankha musaimbe pa foni ya kampani. Ingolembani pagulu paja kuti mwagula nsapato za azakhali, ine ndidzamva kuti mwavomera. Mukakwiya nane, kwiyani, ndinazolowera kuyambira tsiku lija ndinakuululani kuti mumasuta kuseri kwa khola. Koma mukwiyire komweko.

Azakhali a Marwei akupereka moni, akuti nsapato munawalonjeza kale zija zikhale zakuda ndipo zisakhale za chidendene. Sindinawauze kanthu, koma mmene anandiyang'anira ponena zimenezi, ndikukayika ngati pali chowauza. Bambo aang'ono akupereka moni wambiri, akuti muwabweretsere jekete lachikopa, ndipo adzakuchingamirani okha ku Harare pa galimoto ya kampani. Ana awo akupereka moni. Iwowa ndimalephera kuwayang'ana kumaso.

Amayi akuti ndikuuzeni kuti ali bwino, akudya, akugona, ndipo musamvere zonena za Hazvinei chifukwa amakokomeza. Akuti muzivala zofunda, muzidya zakudya zenizeni osati masamba osaphika. Ndinawafunsa ngati pali mawu ena oti ndilembe pomaliza. Anati, "Umuuze Shumba wanga, mkango wa mfunda wa bambo ake, kuti chipinda chake ndasesa, ndipo ndizisesabe. Koma ndikamuona pachipata mwezi uno, si mwana wanga."

Atanena zimenezi anapita kukhitchini kukaona moto. Sitinakoleze moto lero, achimwene.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Hazvinei