Kabotolo ka Kuseri kwa Shuga

Wokondedwa Kakhoswe wanga,

Dzina limeneli ndalemba dala. Ndikudziwa kuti kuntchito kwanuko amakutchula kuti anamwino ndipo odwala amakuopa, koma kwa ine udakali kamwana kaja kankaba mbatatesi pathireyi zisanafike patebulo. Uli bwanji mwana wanga? Nanga mkamwini wanga? Kamdzukulu kanga chifuwa chija chinatha? Ine ndili bwino, kupatula bondo lomwe lija lodziwa za mvula kuposa wailesi.

Nkhani ndi ya amayi ako. Ndasankha kalata chifukwa pafoni umandidula mawu ngati amayi ako omwe. Khala pansi, uwerenge mpaka kumapeto usanayambe kundikalipira.

Ndakhala ndikukunamiza. Miyezi iwiri yonseyi, chitulukire amayi ako m'chipatala ndi sitiroko ija, ukafunsa ndimati akudya bwino. Bodza lenileni. Ankangolawa masipuni awiri n'kutembenukira kukhoma, mpaka mphete yaukwati inayamba kuvuka yokha pachala.

Adokotala atawakweza pasikelo anapukusa mutu. Anati kumeza akumeza bwinobwino, vuto n'loti sakufuna. Anati akapitiriza kutsika kufikira kumapeto kwa mwezi, awagonekanso n'kuwaika kapaipi m'mphuno kowadyetsera. Anawonjezera kuti za mchere ndi zokazinga m'mafuta ambiri tiiwale.

Ukuwadziwa amayi ako. Munthu amene wadyetsa nyumba ino zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, lero azidyera m'mphuno? Ndinachita mantha, sindikubisira. Mawu akutuluka limodzilimodzi, dzanja lamanja silinadzukebe, koma maso aja ndi omwe aja, amamva zonse. Iwe sindinakuuze poopa kuti usiya ntchito ndi mwana n'kuthamangira kuno.

Ndiye ndinakumbukira mbatatesi zawo za Lamlungu, zija zodula zikuluzikulu m'litali, zowotcha mu uvuni. Ndinati izi zokha sangakane. Ine kalipentala wa zaka makumi anayi, ndilephere kudula mbatatesi? Ndinazisenda, ndinazidula zofanana ngati ndayeza ndi sikweya, ndinaziunjika pathireyi n'kulowetsa mu uvuni. Zinatuluka zotuwa, zonyowa, zomatana. Amayi ako analuma kamodzi n'kundiyang'ana mmene ankakuyang'anira iwe ukabwera ndi lipoti loipa la kusukulu.

Ndinati basi, vuto ndi mchere. Apa ndiye pali tchimo langa lachiwiri. Tsiku lotsatira ndinathiramo mchere mwakabisira, wongotsina ndi zala, ndikudziuza kuti bola munthu adye. Tinakhala patebulo, mbale imodzi pakati pathu. Analawa n'kulavulira m'kansalu. Kenako ndi dzanja lamanzere lija anakoka mbale yonse kuichotsa patsogolo panga.

Ine ndi uchitsiru wanga ndinaganiza kuti akuti mcherewo wachepa. Mawa lake ndinawonjezera. Mwana wanga, tsiku limenelo amayi ako analira. Sanalire mokweza, inali misozi yokha basi, akundiyang'ana ine ndikutafuna. Ndinatuluka panja kukakhala pabenchi yopalira matabwa, manja ali m'masaya.

Loweruka m'mawa amayi ako anayamba kugogoda ndi sipuni panjinga yawo ya odwala, akuloza kukhitchini. Ndinawakankhira komweko. Chidwalire anali asanalowemo. Anaona mapoto ali mbwee, anausa moyo, kenako ntchito inayambika. Sipuni ija inasanduka kapitawo wanga.

Nditatenga mpeni kuti ndisende, go! patebulo. Makoko asiyidwe, ndingotsuka bwinobwino. Nditayamba kudula panayi, go! Zidutswa zikhale zisanu ndi chimodzi pa mbatatesi iliyonse. Analoza poto kuti ndiziwiritse kaye pang'ono, zingofewa kunja kokha. Nditakhetsa madzi ndinafuna kuthamangira ku uvuni, go! go! Anandikankhira kansalu kuti ndizipukute mpaka ziume. Taona manyazi ake! Ine amene ndakalamba ndikulalatira anthu kuti thabwa lonyowa silipakidwa vanishi.

Mafuta anati masipuni awiri okha m'beseni, ndisakanize ndi manja. Nditatero ndinatambasula dzanja kuti nditenge mchere. Sipuni inandipeza pachala, ndipo usaganize kuti dzanja lamanzerelo lilibe mphamvu.

Analoza pashelefu yapamwamba, kuseri kwa chitini cha shuga. Ndinakwera pampando n'kupeza kabotolo ka jamu, muli ufa wofiirira. Nditatsegula, khitchini yonse inanunkhira Lamlungu. Munali adyo wouma, papurika, tsabola wakuda, makoko a mandimu osinja, ndi timasamba tina tosadziwika dzina kwa ine. Ndinanyambita pachala. Mchere munalibe ngakhale pang'ono.

Ndinawafunsa kuti nanga mchere ankathira nthawi yanji. Anapukusa mutu. Ndinati asandinamize, zaka zonsezi ndadya mbatatesi zokolera mchere bwinobwino. Anatukula zala zisanu, kenako zinayi. Atatero anandigwira pachifuwa, n'kulimbana ndi lilime mpaka mawu anatuluka, akuti chifukwa cha mtima wanga.

Ndinawerenga zaka chobwerera m'mbuyo. Zisanu ndi zinayi. N'chaka chija adokotala anandipeza ndi bipi, ine n'kulumbira kuti munthu wogwira ntchito ya thukuta sangadye chakudya chozizira. Chaka chomwecho kabotolo kathu ka mchere ka patebulo kanasweka, ndipo akuti m'masitolo monse timabotolo totero tinasowa mpaka lero. Ine Lamlungu lililonse n'kumadzitama kwa alendo kuti palibe wodziwa kuthira mchere ngati mkazi wanga!

Ndinakhala pansi pampando uja. Pondilanda mbale ija sankadandaula za kukoma ayi. Ankaona mwamuna wawo akudya mchere umene iwo anam'tchinjiriza zaka zisanu ndi zinayi, pakamwa pawo pakukanika kum'letsa.

Koma kapitawo sanandipatse mpata wolira. Go! Ufa uja masipuni awiri, ndisakanizenso. Pathireyi chidutswa chilichonse chigone pachokha, osagundana ndi chinzake. Uvuni ukhale utatentha kale. Kutembenuza kamodzi kokha, osati kumangotsegulatsegula ngati ndikudikira mlendo. Zitatuluka, ndifinyirepo mandimu zidakali zamoto.

Zinatuluka zofiirira, kunja zouma, mkati zofewa. Anadya chimodzi pang'onopang'ono, maso ali pa ine. Anatenga chachiwiri. Ndinkawerenga chamumtima ngati mwana wa sukulu. Anadya zisanu, chachisanu ndi chimodzi n'kundipatsa ine.

Kuyambira tsiku limenelo palibe chophikidwa m'nyumba muno iwo kulibe. Ngakhale tiyi amene, amafuna aone. Akudya, chifukwa chakudyacho ndi chawo, ine ndine manja chabe. Lachinayi lapitali sikelo inakwera pang'ono, ndipo adokotala ati kapaipi kaja kayambe kadikira. Chala changa chatupa ndi sipuni koma sindikudandaula.

Tsopano tibwere kwa iwe. Pobweza kabotolo kaja pashelefu ndinaona kapepala komatidwa kunsi kwake, kakale, kachita chikasu. Zilembo zake zopendekera ndikuzidziwa, ndine ndinkasaina makope ako. Palembedwa kuti ndi za ababa ndipo asauzidwe. Namwino iwe! Unali m'chaka choyamba kusukulu ya unamwino, ndipo unali utayamba kale kuchiza bambo ako mwakuba.

Choncho usanandikalipire, uwerengere bwino. Ine ndakunamiza miyezi iwiri, iwe ndi amayi ako mwandinamiza zaka zisanu ndi zinayi. Komabe undikhululukire ndithu, mwana wanga. Bodza lanu landisungira moyo, pamene langa likanatha kuwapweteka amayi ako. Mchere uja ndakaupereka kwa aneba.

Pempho langa ndi limodzi. Ufa wa m'kabotolo watsala wa Malamlungu awiri okha. Ndawafunsa muyeso wake, koma mawu akuwakanika ndipo akakanika amakhumudwa, ndiye ndasiya. Wodziwa wina ndi iwe. Usanditumizire pafoni ayi. Tchuthi chikapezeka ubwere ndi mwana, mudzasakanize awiri ngati kale, ine ndidzakhala wosinja. Ndikatchula dzina lako amayang'ana kuchitseko.

Undiperekere moni kwa mkamwini wanga, umuuze kuti shelefu yake ija sindinaiwale. Kamdzukulu ukapsompsone pamphumi, ukauze kuti agogo aamuna aphunzira kuphika. Mulungu akusungeni nonse ndipo akudalitse pantchito ya manja ako.

Amayi ako ndawawerengera kalata yonseyi. Pa mawu akuti Kakhoswe aseka. Kulemba sangathe, ndiye adinda chala chawo pansipa. Kadontho kofiira ukukaonako si dothi, ndi ufa wa m'kabotolo. Ukanunkhize.

Ndine bambo ako,
wophunzira ntchito watsopano wa kukhitchini.