Kalata ya kwa Amayi a Tamiwe

Loweruka, 5 Malichi 1994
Kalasi yowerenga kutchalitchi, ku Kapata. Ana khumi ndi asanu ndi awiri, masileti asanu ndi anayi. Tamiwe wagonanso pabenchi, chala chili pa "ba be bi". Ntchito yakunyumba osalemba, sabata yachitatu. Mtima unandipsa. Ndalembera amayi ake, a Mainess, kuti mwana akubwera wosasamba, wanjala, ngati kunyumba kulibe munthu wamkulu. Kalatayo ndapatsira Tamiwe yemweyo. Walandira ndi manja awiri.

Loweruka, 12 Malichi
Tamiwe sanabwere. Mwina malungo.

Lachiwiri, 15 Malichi
Si malungo. Kumsika ndakumana ndi a Edita, oyandikana nyumba ndi a Mainess. Kani a Mainess sadziwa kuwerenga. Kalata anapita nayo pampopi, azimayi ali pamzere ndi zidebe, poyesa kuti ndi yoyamikira mwana. A Edita anayamba kuwawerengera mokweza, mpaka anatchula "wosasamba" asanazindikire. Ena anaseka.
A Mainess amuna awo anamwalira chaka chatha. Iwo amalawirira kumalire ku Mwami kukagulitsa mandasi kwa oyendetsa malole. Khanda lawo amalibereka kumsana ndi Tamiwe, wa zaka zisanu ndi ziwiri.
Ine amene ndimaphunzitsa kuwerenga, osadzifunsa n'komwe kuti kalatayo akawerenga ndani.

Lachinayi, 17 Malichi
Ndinapita kwa a Mainess. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pansi. Moni wonse waulemu. Kenako anamasula kalata ija pansonga ya chitenje.
"Werengani nokha, aphunzitsi. Ndimve kuchokera pakamwa panu."
Ndinawerenga yonse, mpaka dzina langa. Tamiwe ali kuseri kwa chitseko, mapazi akuoneka. Ndinapepesa kawiri. Anangoti amva, n'kundiperekeza mpaka kumsewu. Bola akanandikalipira.

Loweruka, 19 Malichi
Sanabwere. Ndaphunzitsa "ma me mi" osadziwa chimene ndikunena. Abusa akuti ndichitengere mopepuka, cholinga changa chinali chabwino. Sichinali chabwino. Ndinkafuna achite manyazi.

Loweruka, 26 Malichi
Wabwera. Mochedwa, diresi yochapa, wakhala kumbuyo, osandiyang'ana. Tili pakati pa "na ne ni" ndinaona a Mainess panja pawindo, khanda kumsana. Lero sanapite ku Mwami. Milomo yawo ikutsatira ana, mwakachetechete.
Kuwaitana alowe, ndiwachititsanso manyazi pamaso pa ana. Kuwasiya panja, nakonso ayi.
Ndinangosendeza bolodi pafupi ndi windo, n'kuyambiranso pa "a".