Bokosi la M'chipinda cha Amama

Kapichila, Lundazi
20 Ogasiti 2023

Okondedwa adumbu anga a Towela,

Monile kumeneko ku Kitwe, inu ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, fodya tinagulitsa, ndipo mitengo ya magetsi ija munkati tidzaiona titamela imvi yadutsa pasukulu nkukhotela kwathu. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse musanayambe kundiseka.

A kampani ya magetsi anati adzayendela nyumba za mzele wathu Lachisanu lapitali, ndipo yosatha mawaya aidumpha kufikila ulendo wina, umene inu ndi ine tikudziwa kuti ulibe tsiku. Choncho ine mlongo wanu, mwini satifiketi ya zamagetsi ili m'felemu pabalaza ija, ndinatenga hamala ndi chitsulo chogobela, nkuyamba kugoba makoma kuti ndiikemo mabokosi a maswichi ndi masoketi.

Ndiulule ndekha musanamve kwa ena. Bokosi loyamba, la pabalaza, ndinayeza ndi tepi, ndinalemba ndi pensulo, ndinamenya kanayi, njelwa ziwili zinagwela kunja, ine nkumaonana ndi nkhuku za pabwalo. Amama anabwela kudzaona. Anayang'ana bowo, anayang'ana satifiketi, nkubwelela kukaswa nshawa zawo.

Pofika Lachiwili ndinali nditatsiliza zipinda zonse kupatula chimodzi. Ndinaima pakhomo pa chipinda cha Amama, hamala ili m'manja. Chimelele ndevu sindinapondemo, ndipo ku koleji sanatiphunzitse kagobedwe ka khoma la chipinda chimene mwana wamwamuna saloledwa kulowamo. Komatu chipinda chofunika nyali kuposa zonse ndi chomwecho. Amama anandiletsa kukuuzani, koma mwezi wa Juni anagwa m'menemo m'mamawa akufufuza tochi, ndipo anatha milungu iwili akuyendela ndodo. Kukangokhala kamdima maso awo sawathandizanso.

Ndinawapempha kuti ndilowe tsiku limodzi lokha, anakana. Nditanena zoitana mnzanga wina wa ku boma, anandifunsa ngati chipinda cha Adada chasanduka sitesheni ya basi poti eni ake anagona. Potsiliza anavomela Carol, mtsikana amene ndinaphunzila naye zamagetsi. Koma Carol anali ndi mpata Lachinayi masana okha, wongolumikiza mawaya, ndiye bokosi ndi paipi yake zinayenela kukhala zitalowa kale m'khoma, simenti itagwila. Mumtima ndinali nditagonja kuti nyumba yonse iwale, chipinda chawo chitsale.

Lachitatu m'mawa Amama anatambasula dzanja nati, "Bwela nayo hamalayo. Iwe khala panja apo, uzindiuza kukula kwa kabokosi kako."

Ndinaseka, adumbu, ndipo Mulungu andikhululukile. Ndinakhala pampando kuseli kwa chitseko nkumalakatula za m'buku: masentimita akutiakuti kuchokela pansi, pafupi ndi chitseko. Anandiyankha kuti pafupi ndi chitseko pali njelwa za pakati pa uvuni, zolimba ngati mwala, zimene ukazimenya zimakankha zinzake, ndipo ndi zomwe zinandichititsa manyazi pabalaza. Zofewa, ati, zili pamzele wachisanu ndi chinayi, kumutu kwa bedi, pamene dzanja lawo limafika asanatsitse mwendo. Khomalo mukulidziwa, ndi lomata, palibe njelwa imene imaoneka. Ndinawafunsa kuti adziwa bwanji.

"Ndinayala ndine," anatelo. "Adada ako anali m'chipatala ku Chipata miyezi inayi, mvula ili pafupi, Towela ali kumsana."

Ife takula tikuuza aliyense kuti nyumba iyi anamanga Adada. Pamalilo pawo abusa ananenanso zomwezo, Amama ali pomwepo pamphasa. Nditafunsa chifukwa chimene sanatiuzilepo, anati mwamuna wochoka m'chipatala amafunika kupeza kanthu koimilila nako pamaso pa anzake, ndipo ndileke kulongolola chifukwa ndikuwasokoneza.

Kenaka kunayamba kumveka hamala. Sikunali kumenya kwanga kwaukali kuja. Kunali kugogoda kwapang'onopang'ono, amvekele go, go, nkupuma, ngati munthu wafika pakhomo pa mnzake wakale. Ndinakhala ola lathunthu osasuntha, tepi yanga ili pamwendo, ndikumvetsela mayi wa zaka makumi asanu ndi awili akutsegula khoma limene analitseka ine ndisanabadwe. Zidutswa anatulutsa m'lichelo. Bokosi, paipi ndi simenti ndinawapatsila pachitseko nkhope nditatembenuzila kumbali. Levulo, kaja koonela ngati chinthu chaongoka, anandibwezela pomwepo, ati chala chawo sichinawanamizepo.

Carol anabwela Lachinayi. Sanakhalitsemo. Potuluka anandifunsa dzina la mmisili amene anaika bokosilo, chifukwa kadontho ka levulo kanaima pakati penipeni, ndipo simenti anaisalaza ngati m'kati mwa mbale. Nditamulozela Amama, amene anali kupeta pabwalo osatilabadila, anandilangiza kuti ndikalembetse kwa iwo maphunzilo a chaka chimodzi. Lachisanu woyendela wa kampani anayeza mawaya onse pa bokosi lalikulu la pakhonde nasaina, ndipo dzulo anatilumikiza. Lelo m'mamawa, tambala atangolila kachiwili, ndinamva kuti thwa, nkuona kuwala kukutulukila pansi pa chitseko chawo. Patapita kanthawi ndinamva mapazi akuyenda osafufuza.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndaika mabokosi khumi ndi limodzi m'nyumba muno, koma labwino koposa si langa, ndipo ine sindidzaliona. Inu mumaloledwa kulowa. Bwelani mvula isanayambe, mukalowe, mukaliyang'ane bwinobwino, mukasisite ndi khoma lomwe, popeza munaliona likukwela muli kumsana. Mukatuluka mudzandifotokozele zonse, ndipo tsiku limenelo sindidzakudulani mawu.

Amama sakudziwa kuti ndalemba izi, choncho mukafika muyambe mwadabwa. Alamu muwapatse moni. Ana muwafungatile, ndipo muwauze lelo lomwe kuti nyumba ya ku Kapichila anamanga agogo awo aakazi.

Yewo chomene,
ndine mlongo wanu,
Mapopa