Zithunzi zomwe malemu amuna anga anasiya sizikutseguka, ndifufute?

Agogo,

Ndine mayi wa zaka 44, ndimakhala pa Migowi. Amuna anga, a Fletcher, anatisiya mu Ogasiti chaka chatha. Anali wojambula zithunzi, ndipo kuno kulibe chinkhoswe, ubatizo kapena mpira wa sukulu komwe sanafikeko ndi kamera yawo, kuyambira ku Chiringa mpaka kumadoko a Chilwa. Anasiya laputopu ndi kabokosi kakuda kosungiramo zithunzi, komwe ankakatchula kuti hadidiraivi.

Chondizunguza mutu n'chakuti chithunzi chilichonse chili pawiri. China chimatseguka bwinobwino, dzina lake limathera ndi JPG. Chinzake n'chachikulu, koma ukachidina chimangokana. Tsiku lina ndikupukuta tebulo amuna angawo anandiuza kuti, "Mayi a Praise, zazikuluzi musamazikhudze, ndi mbewu." Ine ndinangoseka, ndimvekere, "Mbewu zake zodzala m'munda uti?" Sindinafunsenso. Agogo, munthu umangoti mawa lilipo.

Mlamu wanga Nickson ndiye akupitiriza ntchitoyi. Si munthu woipa, ayi ndithu, kungoti ndi waphuma. Iye akuti zosatsegukazo n'zowonongeka, zikungodya malo. Anati, "Alamu, zabwinozi tizitumize pa Watsapu zikhale kumeneko, zinazi tisese." Ndinavomera. Zazikulu za m'laputopu, za 2021 ndi 2022, tinafufuta kale, ndipo anadina ndine ndi chala changachi. Loweruka likubwerali akuti tisese kabokosi kaja, momwe muli zakale zonse.

Ndiye Lachiwiri kunabwera mayi wina wa kwa Nazombe, dzina lake Hilda. Namondwe wa Freddy anamutengera nyumba ndi mwamuna yemwe, ndipo thupi silinapezeke. Alibe chithunzi chake ngakhale chimodzi. Mwana wake wamkazi, yemwe nthawiyo anali wakhanda, wayamba kufunsa kuti bambo ankaoneka bwanji. Hilda anakumbuka kuti mu 2019 a Fletcher anajambula chinkhoswe cha mng'ono wake, ndipo mwamuna wakeyo analipo. Tinafufuza pafoni panga mpaka tinachipeza chithunzicho. Bamboyo waima kumbuyo kwa gulu, pansi pa mtengo wa mango, nkhope ili mumthunzi. Titachikulitsa chinangosanduka timabokosi. Hilda anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Malayawo ndi ake. Koma iyeyo sindikumuona." Anathokoza mwaulemu n'kukwera njinga yake. Ine ndinatsala pakhonde misozi ili chuchuchu.

Ndithandizeni. Kodi zosatsegukazi zili ndi ntchito? Ndisunge ziti kuti thukuta la amuna anga lisapite pachabe? Nanga zomwe ndinafufuta zija, kodi ndawalakwira?

L.K., Migowi, Phalombe

Mwana wanga L.K.,

Pepani ndi maliro. Koma tisanalire limodzi, muimbireni Nickson lero lomwe: Loweruka pasasesedwe kanthu. Kabokosiko mukachotse pa laputopu, mukaike pouma.

Amuna anu sananame. Zazikuluzo sizinawonongeke. Zimatchedwa RAW, ndipo zimasunga zonse zomwe kamera inaona, ngakhale za mumthunzi zomwe maso sakuziona pachithunzi chaching'ono. Zikukana kutseguka chifukwa zimafuna pulogalamu yake. JPG ili ngati ufa wogaya kale: ndi yabwino kugawira anthu, koma simungaibwezerenso kukhala chimanga. Pochepetsa kukula kwake, zambiri zimatayika, ndipo mukaikonza n'kuisunganso imataya zina. Mukaitumiza pa Watsapu ngati chithunzi wamba imafinyidwanso. Timabokosi munaona tija tinachokera pamenepo. Foni si nkhokwe, mwana wanga. Ikagwera m'madzi kapena akakutsompholani pamsika, zapita.

Nkhani ya Hilda ikhale yoyamba. M'kabokosimo, pazithunzi za 2019, pezani chachikulu chomwe nambala yake ikufanana ndi ya JPG ya chinkhoswe chija. Onaninso zoyandikana nacho, chifukwa wojambula sadina kamodzi. Mwina pa china bamboyo anatembenukira kowala. Pitani kwa wojambula wodziwa kukonza RAW, kaya ku Mulanje kaya ku Blantyre, mutenge kope lake pa fulashi. Kabokosiko kasayende nanu pa minibasi. Katswiriyo akhoza kuwalitsa mthunziwo.

Tsono za kasungidwe. RAW iliyonse isungidwe momwe ilili. Koma poti mtundu uliwonse wa kamera uli ndi RAW yakeyake, ndipo sitidziwa ngati makompyuta a zaka makumi awiri zikubwerazi adzazitsegule zonse, muuzeni katswiriyo akupangireni makope a DNG. Imeneyi ndi RAW yomwe mapulogalamu ambiri amaiwerenga, ndipo pulogalamu yosinthira ndi yaulere. Zithunzi zofunika kwambiri, zikakonzedwa, zisungidwe ngati TIFF. Ndi zolemera, inde, koma sizitaya kanthu ngakhale muzitsegule ndi kuzisunga kangati. JPG ikhale yopatsa anthu basi.

Kabokosi kamodzi sikokwanira, nakonso kamafa popanda kutsanzika. Pezani kachiwiri, mukopere zonse, mukasungitse kwa m'bale wokhala kumtunda, kutali ndi kwanu. Inu a ku Phalombe sindingakuphunzitseni zomwe madzi amachita. Chaka chilichonse muzititsegula kuona ngati tili moyo, ndipo pakatha zaka zinayi kapena zisanu musamutsire mu tatsopano.

Pali ntchito ina yomwe katswiri aliyense sangaigwire, koma inu. Nambala ngati 4471 siuza munthu kanthu. Khalani pansi ndi Nickson, inu muzitchula, iye azilemba: chaka, mudzi, mwambo, mayina a anthu. Inu munkamva nkhani zonse amuna anu akabwera kojambula. Musamukalipire mlamu wanuyo. Amafuna kuthandiza, kungoti sankadziwa, ndipo akaphunzira izi nayenso adzasunga bwino zake.

Za 2021 ndi 2022 zija, musataye mtima msanga. Yang'anani m'kabini ka zinyalala ka pa laputopu, ndiponso m'makadi a kamera. Siyani kaye kuika zatsopano m'laputopumo ndi m'makadimo mpaka wodziwa ataziona, chifukwa zatsopano zimakhala pamalo pa zofufutidwa. Zina zikhoza kubwerera, zina ayi. Koma kulakwa simunalakwe. Munafufuta zomwe simunkazidziwa, muli pachisoni. Wofunsa sasochera, ndipo mwafunsa nthawi ikadalipo.

Chenjezo langa ndi ili: musamulonjeze Hilda nkhope musanaione ndi maso anu. Mthunzi wina umakhala wakuda moti ngakhale RAW siutha, ndipo mayi ameneyu wadikira kale zambiri zomwe sizinabwere. Koma ikatuluka, musamutumizire pafoni. Itsukitseni papepala labwino, ziwiri, china cha iye, china cha mwana, mulembe dzina la bamboyo kumbuyo. Mupite nokha kwa Nazombe, mukamupatse pamanja. Ndipo musakafulumire kutsanzika. Mayi amene sanaike maliro a mwamuna wake, tsiku limenelo adzafuna munthu wolira naye.

Agogo