Misuku ya Bambo Yapulumuka

Lachinayi madzulo, ku Mlonyeni.

Lero mtima wakhala pansi. Achimwene anali atanola kale nkhwangwa kuti agwetse misuku imene malemu bambo anatisiyira kumunda, awotchere njerwa zokagulitsa kusukulu kumene akumanga kalasi yatsopano. Ndakhala ndikuwadandaulira, koma ankangoti, "Mitengo imaphukanso, mlongo."

M'mawa a kontilakitala atamva za njerwazo, apukusa mutu. "Pepani bambo, boma masiku ano siligula njerwa zowotcha. Likufuna mabuloko a simenti."

Achimwene anakwiya mpaka kukana tiyi. Mwamwayi awalemba ganyu youmba mabulokowo, ayamba Lolemba.

Masana ndinapita kumunda ndekha. Masuku atsala pang'ono kupsa. Zikomo Mulungu. Komabe nkhwangwa ija ndaibisa m'nkhokwe, chifukwa achimwenewa ndimawadziwa ine...