Pampu Yopenga ndi Ndevu Zanga

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Mufakose. Tonse tili bwino, ndipo mwendo wa alamu anu uja wapola.

Pampu ya pachitsime chathu inapenga. Imati kuthamanga, kuima, kuthamanganso, mpaka mapaipi kuphulika. Ine ndinalumbira pagulu kuti mwana wanga Tamanda, wophunzira uinjiniya uja, aikonza, apo ayi ndimeta ndevu zanga zonse.

Atabwera sanagwire sipanala n'komwe. Ankangoyesa pampuyo, pang'onopang'ono kenako mofulumira, kompyuta n'kumajambula mizere iwiri yotsetsereka. Ndevu zinayamba kundiyabwa!

"Ababa, mzere uwu ukuonetsa mphamvu, uwu kuchedwa," anatero. "Makina oyendetsa pampuyi akumakonza cholakwa mochedwa, komanso mwaukali."

"Ngati dalaivala wa kombi wokhota atapitirira kale pokhotera?"

"Ndendende!"

Anachepetsa ukaliwo mpaka mizere inaonetsa kuti zakhazikika. Lero madzi akutuluka mwaulemu ngati mkamwini watsopano. Ndiye mwaonatu, injiniya weniweni ndine, iye anangodina mabatani.

Munditumizireko chipeso chachikulu, achimwene, lumo ayi. Ambuye akusungeni inu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane