Makadi M'chigafa cha Abambo

Kwa Lukwa,
Kasungu.
19 Ogasiti 2012

Okondedwa achimwene Ephraim,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Joniko, inu, alamu anga a Sellah pamodzi ndi ana. Ndaipatsira amuna ake a Feggie, anansi athu aja, amene akukwera basi Lachiwiri. Mudabwa kuti Feliya wayamba liti makalata pomwe foni ali nayo. Pafoni ndayesa, achimwene, koma ndikangoti "abambo" inu mumati mayunitsi akutha. Ndiye ndati pepala lilibe mayunitsi, muwerenga mpaka pansi.

Kuno kuli mphepo ndi fumbi la Ogasiti lomwe lija mumalidziwa. Fodya anthu agulitsa, zigafa zangoti pululu, ndipo pachitsime nkhani ndi imodzi, ya makuponi a feteleza, poti kalembera wayamba. Dzina la nyumba yathu silinatuluke. Linali la amayi, ndipo chiwaikireni m'manda mu Novembala muja palibe amene anaganiza zolembetsa lina.

Ndinamva kuti anzanu mumawauza kuti mlongo wanu amapukuta fumbi pamabuku ku Zomba. Lero ndikuuzeni ntchito yangayo bwinobwino, chifukwa popanda iyo simumvetsa zimene zachitika kuno. Bungwe limene linandilemba likufuna kuti maphunziro onse okhudza kusunga ndi kupeza chidziwitso aikidwe m'dongosolo limodzi, loti ngakhale kompyuta imve. Dzina lake akuti ontoloje, koma musalume nalo lilime, ndi mtengo basi. Uli ndi nthambi zikuluzikulu, ya malaibulale, ya nkhokwe za zikalata zakale, ya kufufuza zinthu pakompyuta, ndi zina. Mbali ina kuli ntchito zimene anthu amagwira m'nthambizo, monga kusonkhanitsa, kupatsa dzina, kusanja, kusunga ndi kubwereketsa. Ine ntchito yanga ndi kumangirira: ichi ndi mtundu wa icho, ichi ndi gawo la icho, ichi chimachitika m'nthambi iyo. Malamulo aakulu ndi awiri. Kanthu kalikonse kakhale ndi kholo lake pamwamba, kasalendewere pokha. Ndipo kholo lisapezeke pansi pa mwana wake. Ukaphwanya limodzi mwa awiriwa, kompyuta imafiira n'kukana kupitirira.

Abwana anga a Benjamin anandilola kudzagwirira ntchitoyi kuno kuyambira mu Meyi, Lefina wa amayi aang'ono aja ataimba foni kuti abambo awapeza ku msewu waukulu atavala jekete, akudikira lole ya ku esiteti imene inasiya kuyenda ine ndisanabadwe. Magetsi mukudziwa kuti kulibe, kompyuta ndimakatchajitsa kwa wometa tsitsi pasitolo. Ndiye ndinadula makatoni n'kupanga makadi, nthambi iliyonse ndi mtundu wake, kenaka ndinawapachika ndi ulusi pamikangala yopachikapo fodya m'chigafa cha abambo, kholo pamwamba, ana m'munsi. Akazi odutsa amaseka, amati mwana wa a Lemani wabwera ndi fodya wa kusukulu.

Khadi limodzi lokha linandikanika, ndinkangoyenda nalo m'thumba la siketi. Ndi la ntchito yochotsa mabuku akale amene palibenso wowabwereka. A Benjamin amati ndiliike pansi pa kusunga. Amati, "Feliya, shelefu ikadzaza wosunga wabwino amachotsa, kuchotsako ndi kusunga komwe." M'mutu ndimavomera kuti akunena zoona, koma dzanja limakana.

Tsopano za abambo. Thupi lili bwino, amadya, amayenda kuposa ine. Koma achimwene, munthu uja munamusiya pamaliro si amene ali pano. Masiku ena amandidziwa, ena amanditcha mayi, ena amandipatsa moni wa mlendo n'kundifunsa ngati ndayenda bwino. Mu Julaye anasonkha moto m'mbali mwa chigafa cha Lefina, akuti kunazizira, mwayi fodya anali atapita kale ku okushoni. Udzu wa mbali imodzi unapsa. Palibe amene anawakalipira, koma kuyambira tsiku limenelo anthu akawaona akuyenda amaitana ana awo.

Sabata ziwiri zapitazo atsibweni a Samsoni anabwera, anakhala pampando wa amayi pansi pa mango uja. Musawaone ngati munthu woipa, achimwene. Anayamba ndi kufunsa za inu, kenaka anapukuta chipewa pabondo.

Anati, "Mwana wanga, mlamu wangayu takhala naye zaka zambiri, sitinayambanepo. Koma mlongo wanga anapita. Mwambo ukuudziwa, mkamwini mkazi akamwalira timamusudzula, timamumasula kuti akapume kwawo. Si kumuthamangitsa ayi, ndi ulemu."

Ndinati, "Kwawo kuti, atsibweni?"

Anati, "Ku Phalombe. Abale sangasowe."

Ndinawafunsa ngati akudziwa dzina la mudzi. Sakulidziwa. Inunso simukulidziwa, inenso chimodzimodzi. Abambo anabwera kuno pa lole ya matenanti ali mnyamata, anakwatira amayi, ife titabadwa anachoka pa esiteti n'kulowa chikamwini, ndipo kumeneko sanatitengereko ngakhale kamodzi. Tinkangomva zoti ndi kuseri kwa phiri la Michesi. Dzulo lake ndinali nditawafunsa eni akewo, anandiyang'ana n'kuseka, anati, "Kwathu? Si kuno kodi?"

Atsibweni anati, "Iwe ubwerera ku Zomba, mlongo wako ali ku Joni. Lefina ali ndi ana ang'onoang'ono, wayesetsa, watopa. Moto ukadzabuka usiku tidzalira maliro angati? Munda wa amayi ako wagona, kuponi yatidutsa chifukwa palibe wolima. Akakhalapo mmodzi wa inu pakhomo pano, nkhani yatha, bamboyo ndi wanu. Koma pakapanda munthu, mvula isanagwe tiwaperekeza, tikafunsa kumeneko mpaka tikapeza wa mtundu wawo."

Atapita ndinalowa m'chigafa, ndinaima pakati pa makadi anga, ndipo ndinauona mudzi wathu momwe ndinali ndisanauonerepo. Ife tonse tinapachikika pa amayi, amayi pa agogo, mpaka kukafika kutsinde. Abambo anali ndi ulusi umodzi wokha, wopita kwa amayi. Zaka zonsezi analima munda uno, anakumba manda a anthu a mudzi uno, anafolera nyumba za apongozi awo, koma ulusi unali umodzi womwewo, ndipo unaduka mu Novembala. Ndinalira, achimwene, sindikubisirani.

Chimene chandilembetsa kalatayi chinachitika Lachinayi lapitali. Ndinapita kokatchajitsa kompyuta, ndinachedwako chifukwa kunali mzere wa mafoni. A Benjamin anali ataimba m'mawa kuti kumayambiriro kwa Sepitembala ndikhale nditafika ku Zomba kukaonetsa mtengo wonse kwa eni ntchito, apo ayi apereka kwa wina. Ndinabwerera ndikuwerengera zotsala m'mutu. Nditafika m'chigafa ndinapeza mikangala ili yokhayokha, khadi ndi limodzi lomwe kulibe.

Abambo anali atakhala pamphasa, miyendo atatambasula monga ankachitira posankha fodya. Makadi onse anali atawatsitsa. Anawasanja ofiirira paokha, oyera paokha, aatali uku, aafupi uko, ong'ambika pambali, n'kuwamanga timitolo ndi luzi, bwinobwino, mfundo zake zomwe zija anatiphunzitsa tili ana. Ntchito ya miyezi itatu, imene theka lake ndinali ndisanalowetse m'kompyuta. Anakweza kamtolo kamodzi n'kukayesa kulemera m'dzanja, anati, "Chaka chino wapepuka, feteleza anachepa."

Ndinakalipa. Sindikumbukira mawu onse, koma ndinakweza mawu pa abambo anga, ndinati mwandiwonongera zonse, mukufuna ndikhale bwanji ine. Anandiyang'ana, nkhope inasintha. Anavula chipewa. Kenaka, achimwene, abambo athu anagwada pafumbi pamaso panga, anaomba m'manja.

Anati, "Pepani adona, ndisankhanso. Musatichotse pano. Ana anga ndi ang'onoang'ono, wamkaziyo akuyamwa. Tipita kuti?"

M'maganizo mwawo iwo anali pa esiteti, ine ndinali mkazi wa bwana, ndipo mwana woyamwayo ndinali ine ndemwe. Ndinagwada nanenso, ndinawagwira manja, ndinati palibe akuchotseni, mwasankha bwino, fodyayu ndi wabwino. Anafunsa kawiri ngati ndikunena zoona. Nditalumbira anavala chipewa chawo n'kupitiriza kumanga timitolo, akuimba pansipansi. Ine ndinakhala pambali n'kumawapatsira makadi.

Pafoni ndakhala ndikukuuzani kuti ntchito ikuyenda. Inkayendadi, koma tsopano ndaisiya. Lachisanu ndinatumiza zonse zimene zinali m'kompyuta kwa Modester, mnzanga wa mu ofesi, kuti amalize ndiye. Mutu wake ndi wabwino, akwanitsa. Ndinamuuza kuti khadi la kuchotsa aliike pamene abwana akufuna, ine sindiliika. A Benjamin anandidandaulira, anati ndikutaya tsogolo, ndipo sindinawatsutse. Ntchito ija ndinkaikonda, achimwene. Inu mukudziwa kuti ndili mwana ndinkasanja ngakhale nyemba za amayi m'mitundumitundu mpaka kukwapulidwa. Kupeza malo enieni a chinthu kumandikhazika mtima pansi kuposa nyimbo za kutchalitchi, Mulungu andikhululukire. Zikundiwawa, ndipo ndikudziwa kuti zidzandiwawa kwambiri mu Disembala ndikadzawerama m'munda ndi khasu limene ndinaliiwala kalekale.

Dzulo ndinapita kwa atsibweni kukawauza kuti munda wa amayi ndilima ine, nyumba ndikhalamo ine, ndipo polembetsa makuponi alembe dzina langa. Abambo akhala pakhomo pa mwana wawo. Pamtengo wanga uja zimenezi n'zoletsedwa, kholo kulendewera pansi pa mwana, kompyuta ikanafiira. Koma malo ena owapachika ndawasowa.

Atsibweni sanakane, komanso sanavomere. Anati, "Mtsikana wa m'tauni amalonjeza mu Ogasiti, mu Januwale udzamupeza pa depoti. Ndimve kwa mlongo wako. Iye ndiye adzatsale ndi mbumbayi ine ndikadzapita. Abwere adzanene pamaso pa anthu kuti nkhani yosudzula yatha, ndipo iwe ukadzatopa adzasenza ndiye."

Ndiye pempho langa ndi limenelo. Sindikupempha kuti musiye ntchito, wosiya ndakwana ine. Musatumizenso bulangete, alipo atatu. Ndikupempha inuyo, ndi miyendo yanu, mudzakhale pansi pa mango uja tsiku limodzi mvula isanagwe, mudzanene mawu amene ine ndanena kale koma sakulemera pakamwa panga. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wodula, ndikudziwanso kuti bwana wanu salola msanga. Ndikudziwa chinanso chimene simunena, kuti mukuopa kudzawaona ali chonchi. Nanenso ndinkaopa. Amawawa ndi masiku oyamba, kenaka umazolowera kudzitchula dzina m'mawa uliwonse.

Lefina akupereka moni, akuti foni ija munamulonjeza asaiwerengerenso. A Feggie akuti muwayang'anire amuna awo kumeneko asanenepe okha. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sellah, muwauze kuti chitenje chija ndimavala Lamulungu lililonse. Ana muwapsompsone, makamaka wamng'onoyo amene agogo ake sanamuonepo.

Ndinafuna kulemba kuti abambo akupereka moni, monga timalembera nthawi zonse, koma ndinati ndiyambe ndawafunsa. Ali pompano pakhonde, timitolo tawo tili pambali, sakulola munthu kutikhudza. Ndawauza kuti ndikulembera Ephraim.

Afunsa kuti, "Ephraim? Ndi mwana wa yani ameneyo?"

Ndati, "Wa a Lemani."

Agwedeza mutu ngati dzinalo analimvapo penapake. Kenaka anena kuti, "Ali ndi mwana wamwamuna a Lemaniwo? Ali ndi mwayi. Umuuze mnyamatayo apereke moni kwa bambo akewo. Aziwayendera."

Uthengawo ndapereka, achimwene.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Feliya